Dimba la M'chitsulo: Kumasula Giyabokosi ya Otomatiki Pakhomo

Makaniko amene saopa kutsitsa injini ya minibasi m'mawa n'kuiliza dzuwa lisanalowe, mukamuuza kuti vuto lili mu giyabokosi ya otomatiki amayamba kukanda m'mutu. "Bwana, imeneyo sititsegula. Tingosaka ina." Ndiye mwini galimoto amauyatsa wa ku Biwi kapena ku Ndirande kukafuna yochotsa pa galimoto ina, yomwe palibe akudziwa mtunda umene inayenda kapena oyilo amene inkamwa. Nthawi zina zimakhala bwino, nthawi zina munthu amagula matenda omwewo ndi ndalama zakezake. Poti galimoto zambiri zochokera ku Japan, zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe, ndi za otomatiki, mantha amenewa akutidyera ndalama zambiri.

Komatu m'bokosimo mulibe ufiti. Munthu amene anathirirapo dimba m'chilimwe ali kale ndi theka la nzeru zake.

Ku dimba, bambo amapalasa thiredo pampu, madzi n'kumakwera kuchokera pachitsime kukagwera mu ngalande yaikulu. Kumunsi kumakhala mwana ndi khasu. Iye amatsegula kangalande ka bedi la tomato, n'kutseka ka bedi la mpiru ndi chibuma cha dothi. Tomato akakhuta, amatseka uku n'kutsegula uko. Pampu ndi imodzi, madzi ndi omwewo, chosintha n'chakuti kwatsegulidwa kuti. Giyabokosi ya otomatiki imagwira ntchito chimodzimodzi. Chitsime ndi sampu ya pansi ija mmene mumakhala oyilo. Pampu ili kutsogolo, ndipo imazunguliridwa ndi injini. Ngalande zonse pamodzi ndi mwana wa khasu uja ndiye valve body, chitsulo chophwatalala chokhala ndi tinjira tokhotakhota, mmene mavalavu amatsegula ndi kutseka. Mabedi ndiwo makilatchi ndi mabuleki a mkati. Kusiyana kwake n'kwakuti madzi a ku dimba amangoyenderera, pamene oyiloyu amafika ndi mphamvu: akalowa kuseri kwa pisitoni amaikankha, pisitoniyo n'kufinya mulu wa mapuleti mpaka agwirane ngati chinthu chimodzi.

Mukamvetsa zimenezi, zinthu ziwiri zimene madalaivala amakangana pa siteji zimayankhika zokha. Galimoto ya otomatiki siilira poikankha, chifukwa injini ikakhala chete pampu nayo ili chete, palibe bedi lomwe likulandira madzi, ndipo matayala alibe pogwirira injini. Komanso kuikoka ndi chingwe mtunda wautali, matayala oyendetsa ali pansi, n'kuipha: zitsulo za mkati zikuzungulira koma wopalasa pampu kulibe, zikungokhulana zouma.

Magiya enieniwo ndi osavuta monga anthu amaganizira. Mu giyabokosi ya manyuwo dzanja lanu ndi limene limasankha giya yoti igwire. Muno mano onse amakhala olumana nthawi zonse. Pali giya ya pakati, timagiya ting'onoting'ono toizungulira tomangidwa pa chonyamulira chimodzi, ndi mkombero wa mano a mkati wokuta zonsezo. Mukagwira chimodzi mwa zitatuzi kuti chisazungulire n'kuzunguza china, chachitatu chimatuluka ndi liwiro lina. Mukagwira chonyamulira chija, zimazungulira chobwerera, ndiye rivesi imeneyo. Mukamanga ziwiri pamodzi, zonse zimayenda liwiro la injini. Ntchito ya makilatchi ndi mabuleki ndi yokhayo, kugwira ichi ndi kusiya icho. Nzeruyi ndi yakale ndithu: General Motors inaika Hydra-Matic m'galimoto za Oldsmobile za 1940, ndipo maganizo oyendetsa chitsulo ndi madzimadzi ozungulira anachokera kwa Mjeremani Hermann Föttinger, amene anawakonzera sitima za pamadzi cha m'ma 1905.

Kuti nkhani isakhale ya m'malere, titenge bokosi limodzi lodziwika, la banja la A340 lopangidwa ndi Aisin, limene limapezeka mu Hilux Surf, Prado, Mark II ndi Crown zakale, komanso mu Jeep Cherokee pansi pa dzina la AW4. Lili ndi magiya anayi opita kutsogolo. Mu A340E, pa giya yoyamba injini imazungulira ka 2.804 kuti shafiti ya kumbuyo izungulire kamodzi. Pa yachiwiri ka 1.531, pa yachitatu zimayendera limodzi, pa yachinayi ka 0.705 kokha. Mkati muli makilatchi atatu, C0, C1 ndi C2, mabuleki anayi, B0 mpaka B3, ndi tizitsulo titatu tolola kuzungulira mbali imodzi yokha. Ndi bokosi labwino kuphunzirirapo, chifukwa ndi lolimba, zida zake zimapezeka, ndipo kompyuta yake siilowerera zambiri.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akatsegula giyabokosi n'kupeza mapuleti akuda bii, onunkha ngati nsima yopserera, amasangalala kuti wapeza vuto. Sanalipeze. Wapeza bedi lofota. Mlimi wanzeru akaona mpiru wafota pamene tomato ali bwinobwino, sathamangira kukazula n'kuwokera mbande zatsopano. Amayenda m'mbali mwa ngalande kufufuza pamene madzi akuthawira: kapena nkhanu yaboola khoma, kapena mchenga watseka pakamwa pa kangalande. Akangowokera osatseka bowolo, mbande zatsopano zifotanso. Mapuleti a kilatchi amapsa chifukwa sanafinyidwe mokwanira, ndiye amaterereka, kutentha, mpaka kutha. Chowalepheretsa kufinyidwa nthawi zambiri ndi kamphira ka pa pisitoni kamene kauma ndi kutentha, kapena mphete ya pa shafiti yadyeka, kapena valavu yamatirira, kapena pampu yatopa. Kugula mapuleti okha n'kubwezera bokosi m'galimoto ndi kumene kumabala nkhani zija zakuti "tinakonza koma patangotha mwezi yayambiranso", ndipo nkhani zimenezo ndi zomwe zinaopseza amakaniko athu.

N'chifukwa chake ntchito imayamba bokosi lili m'galimoto momwemo. Funsani kuti ndi mabedi ati amene afota. C1 imagwira pa magiya onse opita kutsogolo, choncho galimoto imene ikubwerera bwinobwino koma ikukana kupita kutsogolo ikuloza kumeneko. C2 imagwira pa giya yachitatu, yachinayi ndi rivesi. Zikasowa pamodzi zimenezi mwadziwa kolowera. Koma magiya onse akamaterereka, musanamizire bedi lililonse, vuto lili kuchitsime kapena ku pampu: oyilo wachepa, sefa yatsekeka, kapena pampu yadyeka. Pali kabowo m'mbali mwa bokosi kolumikizirapo geji yoyeza mphamvu ya oyilo, ndipo buku limanena nambala yoyenera. Mphindi zochepa za geji zimapulumutsa masiku a ntchito.

Palinso vuto lina limene limanamiza anthu. Mu A340E mwana wa khasu uja amamvera ma solenoid, timavalavu ta magetsi tolamulidwa ndi kompyuta. Awiri osinthira magiya akasiya kulandira magetsi, galimoto ili pa D imanyamukira giya yachinayi. Imalemera, injini imabuula, dalaivala n'kulumbira kuti kilatchi yapsa, chonsecho ndi waya amene wadyedwa ndi makoswe. Solenoid yabwinobwino ya bokosi limeneli imawerenga pakati pa 11 ndi 15 ohms pa mita, ndipo pa galimoto zakalezo kagetsi ka O/D OFF kamaphethira nambala za vuto, 62 ndi 63 za ma solenoid osinthira magiya. Izi zimakonzeka mutangotsegula sampu, osatsitsa kalikonse.

Sampuyo muiwerenge ngati kalata. Pansi pake pali timaginito. Phala lotuwa losalala lomata pa timaginito ndi kudyeka wamba, musadandaule nalo. Tizidutswa takuda tonga makala osinja ndi khungu la mapuleti. Fumbi lonyezimira ngati golide ndi mabushi kapena mawashala. Tizitsulo tobaya chala ndiye uthenga woipa, giya kapena bering'i yasweka. Oyilo akaoneka ngati mkaka wofiirira, mwalowa madzi, kaya kudzera mu rediyeta yobooka mkati kaya powoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Khungu la mapuleti ndi la mtundu wa pepala lomatidwa ndi guluu, ndipo madzi amalimatula. Bokosi lotero kusintha oyilo sikungalipulumutse.

Kutsitsa bokosi n'kwa mphamvu chabe, ndipo aliyense amene anatsitsapo la manyuwo adziwa. Ndingonenapo kuti limalemera kuposa thumba la chimanga, ndipo munthu asalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yekha kapena pa njerwa zosanjikiza. Mabawuti omanga torque converter (chimphika chokhala pakati pa injini ndi bokosi) ku injini amasulidwe kaye kuti converter itsike pamodzi ndi bokosi.

Chimene chimagonjetsa anthu ambiri kwathu kuno ndi fumbi. Injini imapirira kumangidwira pabwalo, pansi pa mango, mphepo ya Okutobala ikuwomba. Valve body siipirira. Valavu imayenda m'kabowo kake mothina kwambiri moti kamchenga kamodzi kamaiimitsa. Choncho bokosi litsukidwe kunja konse lisanatsegulidwe, kenako lilowe m'chipinda chotseka, pansi powazidwa madzi, pa tebulo loyalidwa pulasitiki woyera. Nsanza za thonje zisayandikire: ulusi wake umakatsamira pa sefa ndi pa mavalavu. Zitsulo zikatsukidwa ziumitsidwe ndi mpweya wa kompuresa. Ngati pakhomo palibe chipinda chotere, kapena ana amadutsamo popita kukhitchini, ine ndingati ntchitoyi muileke.

Pomasula, chilichonse chotuluka chiikidwe pa tebulo motsatana, kuyambira kumanzere kupita kumanja, mbali imene inayang'ana kutsogolo iyang'anebe kumodzi. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu, ndipo jambulaninso mutachotsa. Pakati pa ng'oma iliyonse ya kilatchi ndi inzake pamakhala kawashala kapena kabering'i kopyapyala, kamene kamakonda kumatirira kunsi kwa chitsulo n'kukagwera pansi inu osaona. Tiwashala ndi tibering'i timeneti timafanana poyang'ana koma timasiyana kukula. Buku la bokosi lanulo, la kampani imene inapanga galimoto kapena la kampani ya ATSG, si chinthu chongowonjezera. Popanda ilo mukungolota. Pa zida, kupatula masipanala wamba, pamafunika pulayala yochotsera mphete zotsekera, chofinyira masipuling'i a pisitoni chimene wowotcherera aliyense angakupangireni ndi bawuti lalitali, timipeni toyezera mpata tija ta feeler gauge, ndi torque wrench yaing'ono.

Valve body imafuna tsiku lakelake, mutu uli woziziritsa. Ili ndi zigawo ziwiri zomangidwa pamodzi, pakati pali chitsulo chopyapyala chobookabooka, ndipo m'tinjira mwake mwakhala timipira ting'onoting'ono tosamangidwa ndi kanthu. Mukaitsegula chopendeketsa, timipira timamwazika pa tebulo, ndipo palibe chizindikiro chosonyeza kuti kalikonse kanali pati. Itseguleni ili chigonere, pang'onopang'ono, chitsulo chopyapyalacho chikutsekerabe mbali ya timipira, ndipo jambulani musanakhudze. Mavalavu atulutsidwe amodziamodzi, iliyonse ndi sipuling'i yake, kutsukidwa ndi kubwezedwa musanagwire ina. Masipuling'iwo amasiyana mphamvu; mukawasinthanitsa galimoto idzasintha magiya pa nthawi yolakwika kapena mogunda ngati yamenyedwa kumbuyo. Valavu yabwino, itapakidwa oyilo, imatsetsereka yokha m'bowo mwake mukangopendeketsa. Ikakana, musaikhule ndi sandipepa mpaka kuichepetsa, chifukwa ndiye kuti mwabooleratu ngalande ndi manja anu. Pansi pa valve body palinso mapisitoni anayi okhala pa masipuling'i, amene amafewetsa kulowa kwa giya. Nawonso ali ndi timphira tawo, ndipo masipuling'i awo asasokonezedwe.

Pomanga, lamulo loyamba ndi lakuti kamphira kalikonse kasinthidwe, ngakhale kooneka ngati katsopano. Kiti yabwino imabwera ndi timphira tonse, magasiketi, mphete za pa shafiti, mapuleti a khungu ndi a chitsulo. Kusiya kamphira kamodzi kakale chifukwa kali povuta kufika n'kusiya bowo la nkhanu. Mapuleti atsopano a khungu anyikidwe mu oyilo wa giya mphindi zosachepera 15 asanalowe, kuti asapse pa kugwira koyamba. Amasanjidwa mosinthana, la chitsulo, la khungu, la chitsulo, monga buku likunenera. Puleti la chitsulo lokhala ndi mawanga abuluu kapena lopindika litayidwe.

Mulu ukakwana, muyeze mpata wotsala. Ukachepa, mapuleti amakhulana ngakhale kilatchi itamasuka, ndipo amapsa. Ukachuluka, pisitoni imayenda ulendo wautali, giya imachedwa kulowa n'kumaterereka. Kusiyana kwa chabwino ndi choipa kuno ndi tizigawo ta milimita imodzi, ndipo opanga amagulitsa mapuleti otsekera onenepa mosiyanasiyana kuti mpatawo ukonzedwe. Apa diso silithandiza, ngakhale la makaniko wa zaka makumi atatu.

Kenako pamabwera chimene ine ndimachiona chokoma pa ntchito yonseyi. Musanabwezere valve body, tengani paipi ya kompuresa, mphamvu yake ikhale pakati pa 4 ndi 8 bar, muuzire m'kabowo kopita ku kilatchi iliyonse. Ndiko kuyenda m'mbali mwa ngalande kuja. Kilatchi yomangidwa bwino imayankha kuti "thu!", n'kugwira, ndipo mukachotsa mpweya imabwerera. Yotaya imangoti "fuuu" osaleka. Mukamva zimenezo masulaninso, mwina kamphira kanapindika kapena kudulidwa polowetsa pisitoni. N'zowawa, koma bokosi likadali pa tebulo.

Tiwashala ndi timipira timagwa pomanga, ndiye pamafunika chotimata. Musagwiritse girisi. Girisi sasungunuka mu oyilo wa giya, amakatseka tinjira. Vaseline yemweyo wodzola ana ndiye woyenera, chifukwa bokosi likangotentha amasungunuka n'kusakanikirana ndi oyilo. Tizitsulo tozungulira mbali imodzi tija tiyesedwe ndi dzanja molingana ndi buku. Kamodzi kakalowa chozondoka, giya ina idzasowa kapena bokosi lidzamangika. Mabawuti a valve body amamangidwa pang'ono zedi, pafupifupi 10 Nm, ndipo ndi otalika mosiyana, lililonse ndi bowo lake. Dzanja lozolowera kumanga manati a tayala limapinda chitsulocho mavalavu n'kumatirira. Pa sampu, ngati ndi yomata ndi guluu wa gasiketi, pakani kamzere kopyapyala. Wochuluka amafinyikira mkati n'kukathera pa sefa.

Zinthu ziwiri zimatsalira kunja kwa tebulo, ndipo ndi zimene zimapha mabokosi omangidwa bwino. Choyamba ndi torque converter, chimphika chachitsulo chokhala pakati pa injini ndi bokosi. Mkati mwake muli mapiko oyang'anizana: a ku injini amaponya oyilo, a ku bokosi amalandira n'kuzungulira, ndipo pakati pali ena obweza oyiloyo kuti mphamvu ichuluke ponyamuka. Chimphikachi n'chowotcherera, sichitseguka ndi sipanala, ndipo zinyalala zonse za mapuleti opsa zimabisala mmenemo. Kuchitsuka ndi palafini pakhomo sikuchotsa zonse. Ngati m'sampu munali tizitsulo kapena makala ambiri, pezani china chabwino, kapena chipite kwa amene ali ndi makina ochidula n'kuchiwotchereranso. Chachiwiri ndi kanjira koziziritsira oyilo kamene kamadutsa mu rediyeta, pamodzi ndi mapaipi ake. Katsukidwe mpaka zotuluka ziyere. Kupanda kutero mwakumba ngalande zatsopano n'kuzitsegulira madzi a matope.

Pobwezera converter, ithireni oyilo, muilowetse pa shafiti mukuizunguza ndi kuikankha. Imalowa m'magawo, kawiri kapena katatu, ndipo gawo lomaliza ndi pamene yalumana ndi pampu. Ikhale italowa mkati ndithu, kuseri kwa mlomo wa bokosi, pa mtunda umene buku latchula. Bokosi likakana kukhudzana ndi injini pokweza, musalikoke ndi mabawuti. Ndiye kuti converter sinakhale, ndipo mukakakamiza pampu imasweka galimoto isanalire n'komwe.

Za oyilo sindichulutsa. Thirani amene walembedwa pa kandodo koyezera kapena m'buku: Dexron pa akale ambiri, T-IV kapena WS pa Toyota za pambuyo pake. Kufiira sikutanthauza kuti ndi amodzi. Ndipo eni ake a Vitz za kuyambira 2005, Note, Fit ndi zina zazing'ono adziwe kuti zambiri mwa izo zili ndi CVT, bokosi la lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Limenelo lili ndi oyilo wakewake, monga NS-2 kapena NS-3 pa Nissan, limagwira ndi mphamvu ya oyilo yokwera kwambiri, ndipo si loyambirapo kuphunzira. Lamba ndi mapule zikadyeka, nthawi zambiri kusaka lina kumatchipa.

Kodi kumanga nokha kumapulumutsa ndalama? Ngati magiya, pampu ndi ng'oma zili bwino ndipo zofunika ndi kiti ndi converter, inde, komanso mumadziwa chimene chili mkati, zomwe bokosi logula pa msika silingakuuzeni. Ngati zitsulo zikuluzikulu zasweka, werengerani kaye mtengo musanaitanitse kanthu.

Tsiku loliza, thirani malita anayi kapena asanu kaye, lizani injini, ndipo muziwonjezera msanga chifukwa pampu imakoka oyilo kukadzaza converter ndi makilatchi. Bokosi louma limamwa malita oposa 7. Phazi lili pa buleki, dutsitsani ndodo pa giya iliyonse, mukuima pang'ono paliponse. Muyezo womaliza umatengedwa injini ikulira, ndodo ili pa P, galimoto ili pamalo osapendekera, oyilo atatentha kufika pa madigiri 70 mpaka 80. Ngati bokosi lanu lili ndi kebulo yochokera ku chopondera moto, ichunidwe molingana ndi chizindikiro chake, chifukwa ndi imene imauza valve body kuti iwonjezere mphamvu ya oyilo mukaponda. Ikakhala yokhwepa, mapuleti atsopano aja amaterereka pa chitunda choyamba. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wopanda katundu, pa msewu wopanda magalimoto ambiri, mukuwerenga magiya akamalowa mpaka anayi. Pobwera, imikani pa simenti youma, muyang'ane pansi ngati pakudontha, ndipo muyezenso oyilo.